Chipatala cha pa Foni: Chimathandiza Pati, Chimalekera Pati?

Ngati mumakhala ku Tsangano, ku Kasinje kapena kuchigwa cha Bwanje, mukudziwa kuti ulendo wa kuchipatala umadya nthawi ndi ndalama. N'chifukwa chake ambiri amayamba adikira kuti aone ngati matenda atha okha, ndipo ena amafika kuchipatala mochedwa.

Pofuna kuchepetsa vutoli, m'chaka cha 2011 bungwe la VillageReach, mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo, linayambitsa Chipatala cha pa Foni m'boma la Balaka. Poyamba ntchitoyi inkathandiza amayi oyembekezera ndi ana aang'ono. Kenaka inafika m'maboma ena, kuphatikizapo Ntcheu, ndipo lero ili m'manja mwa boma ndipo imayankha mafunso a zaumoyo osiyanasiyana. Mukaimba 929 simulipira, ndipo mumalankhula ndi munthu wophunzitsidwa zaumoyo.

Kwa anamwino ndi alangizi a zaumoyo, phindu lake n'loonekeratu. Mafunso ambiri safuna kupima: zakudya zoyenera mayi woyembekezera, nthawi yoyamba sikelo, katemera wa mwana, njira zolera. Mukafunsa pa foni, mzere wa kuchipatala umafupika, ndipo namwino amapeza mpata wosamalira odwala kwambiri. Komanso wachinyamata amene amachita manyazi kufunsa pamaso pa anthu a m'mudzi mwake amamasuka akamalankhula ndi munthu amene sakumuona.

Koma a zaumoyo amadziwanso malire ake. Pa foni sangakuyezeni magazi kuti aone malungo, sangayeze kuthamanga kwa magazi, sangamve m'mene mwana wagonera m'mimba. Amadalira zimene inu mwanena basi. Choncho fotokozani zonse: matenda anayamba liti, wodwala ali ndi zaka zingati, wamwa kale mankhwala anji, ngakhale azitsamba. Amene akukuyankhani salemba mankhwala. Ntchito yake ndi kukulangizani ndi kukuuzani ngati muyenera kupita kuchipatala.

Palinso mavuto a kumudzi. M'madera ena a kumapiri netiweki imavuta, batire limatha, ndipo m'mabanja ambiri foni imakhala ndi bambo. Abambo, mkazi wanu akakhala woyembekezera, musiyireni foni mukamachoka, ili ndi moto.

Pali zizindikiro zimene simuyenera kutayira nthawi. Mayi woyembekezera akataya magazi, akamva mutu waukulu, akatupa nkhope ndi manja kapena akakomoka, nyamukani nthawi yomweyo. Chimodzimodzinso mwana akamapuma mothamanga kapena movutikira, akakana kuyamwa, akamasanza chilichonse kapena akakomoka. Ngati mukufuna kuimba, imbani muli kale m'njira.

Sungani nambalayi mu foni yanu lero, ndipo muuzeko anzanu a m'mudzi. Mukalangizidwa kupita kuchipatala, pitani tsiku lomwelo, mutatenga buku lanu la kuchipatala.