Kukazinga Siteki Pakhomo: Kukoma Kwake Kumayambira ku Butchala

Anthu ambiri okhala mu Area 13 ndi madera oyandikana nawo amaidziwa siteki ngati chakudya cha kuhotela ndi malo odyera a ku City Centre, komwe mbale imodzi imadya ndalama zoti zikanagulira banja lonse ndiwo za tsiku. Ena anayesapo kuikazinga okha pakhomo, koma m'chiwaya munatuluka nyama yolimba ngati chikopa, yopserera kunja, kapena yosambira m'madzi ake omwe. Ndi mmene mitengo yakwerera masiku ano, kuwononga kilogalamu ya nyama ya ng'ombe si nkhani yamasewera. Komatu siteki yabwino siifuna zipangizo zodula. Imafuna nyama yoyezedwa, mnofu woyenera, chiwaya chotentha kwambiri ndiponso kudekha kwa wophika.

Yambani ndi chidindo

Siteki imakhala pamoto mphindi zochepa, mosiyana ndi nyama yamsuzi imene imabwata kwa ola limodzi kapena awiri. Choncho funso loyamba ndi lakuti nyamayo yachokera kuti.

Malamulo a dziko lino amafuna kuti ng'ombe yogulitsidwa kwa anthu iphedwere pamalo ovomerezeka ndipo iyezedwe ndi akatswiri a nthambi yoona za umoyo wa ziweto mu Unduna wa Zaulimi. Iwo amaiona ng'ombe isanaphedwe, kenako amaunika mnofu, mapapo, chiwindi, mtima ndi lilime. Ikapezeka yabwino amaidinda chidindo cha inki. Pogula nyama, kaya ndi ku msika wa Area 13, ku Area 3, ku msika waukulu wa ku Old Town kapena m'magolosale akuluakulu, muli ndi ufulu wopempha kuti muone chidindocho, ndipo wogulitsa wachilungamo sangakwiye nalo funso limeneli.

Oyeza nyama amafufuza matenda amene angathe kuchoka ku chiweto n'kulowa mwa munthu. Ena mwa iwo ndi chifuwa chachikulu cha ng'ombe, komanso timatuza toyera tokhala ngati njere za mpunga timene timabisala m'kati mwa mnofu; munthu akadya timatuzato tisanafe ndi moto, timasanduka njoka ya m'mimba yotalika mamita angapo. Palinso anthrax, matenda amene anapha mvuu zambiri ku Liwonde National Park mu 2018. Mu December 2023 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatchula Malawi pamodzi ndi Zambia, Zimbabwe, Kenya ndi Uganda kuti ndi maiko amene matendawa anabuka. Nyama ya ng'ombe yofa yokha isagulidwe ngakhale itatchipa chotani, pakuti munthu angatenge anthrax pongoisenda kapena kuidula, isanafike n'komwe pamoto.

Maso ndi mphuno zanu nazonso zigwire ntchito. Nyama yabwino imakhala yofiira bwino, yosaterera, yopanda fungo lachilendo, ndipo imasungidwa potetezedwa ku ntchentche ndi fumbi. Mukaona nyama ikugulitsidwa mozemba kapena pamalo auve, dziwitsani ofesi ya zaumoyo ya khonsolo kapena khansala wa dera lanu. Akuluakulu anati phukusi la moyo umasunga wekha.

Si mnofu uliwonse umene ungakhale siteki

Ng'ombe zambiri za kuno ndi za mtundu wa Malawi Zebu, zija zalinunda, zimene zimakula ndi msipu wa kudambo ndipo zimayenda mitunda italiitali. Nyama yake ndi yokoma koma ilibe mafuta ambiri m'kati, ndipo ziwalo zimene zimagwira ntchito kwambiri, monga miyendo, khosi ndi chifuwa, zimakhala ndi mitsempha yolimba. Zimenezi n'zofunika kubwatitsa pang'onopang'ono kuti zifewe. Kuzikazinga msangamsanga n'kutaya ndalama.

Mnofu wa siteki ndi umene uli m'mbali mwa msana ndi kumbuyo kwa chiuno, pakuti umenewu sugwira ntchito yolemetsa. Ku butchala itanitsani fileti, seloini, rampu kapena T-bone. Fileti ndiye wofewa koposa komanso wodula. Rampu ndi wotsikirapo mtengo ndipo amakoma kwambiri akakazingidwa bwino. Pemphani kuti akudulireni ndi mpeni mopingasa ulusi wa nyama, chidutswa chochindikala masentimita awiri kapena awiri ndi theka, osati kuitema ndi chikwanje monga achitira ndi nyama yamsuzi. Chidutswa cha magalamu 200 mpaka 250 n'chokwanira munthu wamkulu, ndipo chikhoza kukwanira awiri ngati pali ndiwo zina pambali.

Pali chinanso chimene ambiri sachidziwa. Ng'ombe ikangophedwa, mnofu wake umauma gwa patapita maola angapo, ndipo umayamba kufewanso pakapita masiku ukasungidwa pozizira. N'chifukwa chake nyama yophedwa m'mawa n'kukazingidwa madzulo omwewo nthawi zambiri imalimba. Ngati muli ndi filiji yodalirika, isungeni yovindikira pansi penipeni kwa masiku awiri kapena atatu, pozizira posapitirira madigiri 5. Koma m'nyengo imene magetsi akuthimathima, ndi bwino kugula yoti muphike tsiku lomwelo. Pamenepo papaya wamuwisi angakuthandizeni: utomoni wake uli ndi mphamvu yofewetsa mnofu. Palani pang'ono, pakani pa nyama kwa mphindi 20 mpaka 30, kenako pukutani. Mukapitiriza nthawi, nyama imasanduka phala.

Umitsani nyama, tenthetsani chiwaya

Ambiri tinazolowera kutsuka nyama tisanaiphike. Kutsuka sikupha tizilombo. Kumangotimwaza pasinki, pambale ndi pandiwo zamasamba zimene zili pafupi. Ngati pali tizidutswa ta mafupa toti tichoke, pukutani ndi pepala la kukhitchini kapena kansalu koyera koti kachapidwe pompo. Thabwa ndi mpeni zimene zakhudza nyama yaiwisi zitsukidwe ndi sopo zisanakhudze tomato kapena anyezi, ndipo manja asambidwenso chimodzimodzi.

Kuumitsa nyama kulinso ndi chifukwa china. Madzi akamabwata sapitirira madigiri 100, pomwe nyama imayamba kufiirira ndi kununkhira kutentha kukafika pafupifupi madigiri 140. Kusintha kumeneku, komwe kumachitika pakati pa mapuloteni ndi shuga wachilengedwe wa m'chakudya, kunafotokozedwa koyamba mu 1912 ndi katswiri wa ku France, Louis-Camille Maillard, ndipo n'komwenso kumakometsa mtedza wokazinga ndi kanyenya. Nyama yonyowa ikaikidwa m'chiwaya imayamba yabwata m'madzi ake, ndipo pofika poti ifiire, m'kati imakhala itauma kale.

Tulutsani nyama mu filiji mphindi 20 kapena 30 musanayambe, ipukuteni mbali zonse, ndipo muiwaze mchere pang'ono ndi tsabola wakuda nthawi yoti ilowe m'chiwaya itakwana. Chiwaya chikhale chachitsulo chochindikala, pakuti chopyapyala chimazizira nyama ikangochikhudza. Chitenthetseni mpaka dontho la madzi lizithethetha n'kuuma nthawi yomweyo. Ngati mukuphikira pambaula, dikirani makala ayake onse n'kuyamba kuyera phulusa. Thirani supuni imodzi yaikulu ya mafuta ophikira, kenako goneketsani nyama molozetsa kutali ndi inu kuopa kuthovokeredwa. Musaike zidutswa zoposa ziwiri nthawi imodzi.

Ikalowa m'chiwaya isiyeni. Musaibaye ndi foloko, musaikanikize, musaivindikire. Pakatha mphindi zitatu kapena zinayi imamatuka yokha; pamenepo itembenuzeni.

Batala ndi adyo zibwere pomaliza

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Batala ali ndi timbali ta mkaka timene timapserera msanga pamoto waukulu, ndipo adyo akapserera amawawa n'kuwononga chakudya chonse. Choncho ziwirizi siziyamba nawo ulendo. Zimalowa kutatsala mphindi imodzi kapena ziwiri.

Mbali yachiwiri ikakhala pamoto kwa mphindi ziwiri, chepetsani moto, kapena sunthirani chiwaya m'mphepete mwa mbaula. Ikani masupuni awiri a batala ndi tizigawo titatu kapena tinayi ta adyo tosenda ndi tophwanya ndi mpeni, osati tosinja, chifukwa adyo wosinja sachedwa kuda. Batala akasungunuka n'kuyamba thovu, pendeketsani chiwaya ndipo muzitunga batalayo ndi supuni n'kumathira pamwamba pa nyama mobwerezabwereza. Mukatero fungo la adyo limalowerera ndipo nyama imapsa mofanana. Batala akafika pofiirira ngati mtedza wokazinga, ndiye kuti wafika pake, akada, mwachedwa. Majarini akhoza kulowa m'malo mwa batala, ngakhale kakomedwe kake sikafanana.

Yapsa liti?

Tizilombo toyambitsa matenda otsekula m'mimba timakhala kunja kwa chidutswa cha nyama, ndipo chiwaya chotentha chimatipha. Koma timatuza ta njoka za m'mimba timakhala m'kati, choncho pakati pa nyama payenera kutentha mokwanira. Akatswiri a chitetezo cha chakudya amalangiza kuti pakati pa siteki pafike madigiri 63, ndipo ipume mphindi zosachepera zitatu isanadyedwe. Pamuyeso umenewu pakati pamakhala pofiirira pang'ono koma potentha. Ngati mulibe choyezera kutentha, boolani pang'ono ndi nsonga ya mpeni pamalo pochindikala: pakati pakaoneka pofiira ngati nyama yaiwisi ndi pozizira, ibwezereni pamoto.

Amayi oyembekezera, ana aang'ono, okalamba ndi onse amene chitetezo cha m'thupi mwawo n'chofooka apatsidwe nyama yopsa mpaka m'kati, yopanda kufiira kulikonse. Nyama yogaya nayo ipse kwathunthu, kufika madigiri 71, chifukwa pogaya tizilombo ta kunja timasakanikirana ndi nyama yonse.

Mukaiphula, ikani nyama pambale yoyera, osati imene munaikapo ili yaiwisi. Thirani pamwamba batala wotsala m'chiwaya ndipo dikirani mphindi zisanu. Nthawi imeneyi kutentha kumapitiriza kulowa pakati ndipo msuzi wa m'kati umakhazikika. Mukaidula msanga, msuziwo umathera pambale. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Podula, pingasani ulusi wa nyama ndipo dulani timagawo topyapyala. Ngakhale rampu wa ng'ombe ya kumudzi amatafunika bwino akadulidwa motero.

Moto wochepa, nkhalango yotsala

Kuchokera poika nyama m'chiwaya mpaka poiphula sipadutsa mphindi khumi. Kwa banja logwiritsa ntchito gasi kapena magetsi, kumeneku n'kupulumutsa ndalama. Kwa ogwiritsa ntchito makala, phindu lake limafika patali. Makala ambiri olowa mumzinda uno akhala akuchokera ku nkhalango ya Dzalanyama, komwenso kumachokera mtsinje wa Lilongwe, umene umadzaza madamu awiri a Kamuzu omwe Lilongwe Water Board imadalira potipatsa madzi. Mu 2020 lamulo la zankhalango linakonzedwanso ndipo zilango za kuwotcha ndi kugulitsa makala popanda chilolezo zinakhwima. Pamene mungathe, gwiritsani ntchito gasi kapena makala ovomerezeka, ndipo konzani zonse musanayatse moto kuti usayake pachabe. Moto wotsala mukaphula nyama ungathe kuphika ndiwo zamasamba kapena kutenthetsa madzi otsukira mbale.

Mbaula isalowe m'nyumba yotseka mawindo. Makala amatulutsa mpweya woipa wosaoneka ndi wosanunkha umene umapha munthu asanazindikire, makamaka m'miyezi yozizira ya June ndi July pamene ambiri amadzitsekera.

Zokoma zimafuna muyeso

Siteki ya batala ndi chakudya cha apo ndi apo. Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere patsiku, womwe ndi pafupifupi supuni yaing'ono imodzi pa zakudya zonse za tsikulo. Ngati batala wanu ndi wothira kale mchere, chepetsani wowaza pa nyama. Nalo bungwe la World Cancer Research Fund limalangiza kuti nyama yofiira yophika isapitirire magalamu 350 mpaka 500 pasabata. Amene ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi kapena matenda a mtima achepetse batala ndipo atsatire malangizo a kuchipatala.

Nyama ya ng'ombe ili ndi ayironi ndi mapuloteni zimene thupi limafuna, ndipo chidutswa chimodzi chodulidwa mopyapyala chimafikira anthu angapo chikaperekedwa ndi nsima, mbatata ya kachewere ya ku Dedza kapena Ntcheu, ndi mbale yodzaza ya chisoso, bonongwe kapena mpiru. Wogula aliyense akamafunsa za chidindo, ogulitsa nyama yozembetsa adzasowa msika, ndipo amene amatsata malamulo adzapeza phindu la khama lawo. Kumapeto a sabata ino, mukapita ku butchala, yambani mwafunsa funso limeneli musanafunse mtengo.