Bwinja la Wharram Percy: Zimene Nthaka Imasunga

Lero tikambirana za bwinja lina la ku Mangalande lotchedwa Wharram Percy, m'chigawo cha Yorkshire.

Munthu akafika pamalopo amaona msipu, ndi tchalitchi chogumuka m'chigwa. Koma dzuwa likapendeka, zithunzithunzi zimaonetsa timitumbira tambiri m'udzumo. Timeneti ndi maziko a nyumba za alimi pafupifupi 40, ndi mipanda ya mabwalo awo. Khwawa lalitali lodutsa pakati linali msewu wa mudzi, umene unakumbika ndi mapazi a anthu ndi ng'ombe.

Akatswiri awiri, a Maurice Beresford ndi a John Hurst, anatsogolera ntchito yokumba pamenepo, imene inachitika kuyambira 1950 kufikira 1990. Anapeza mapale, zitsulo, mafupa a ziweto, ndi mafupa a anthu oposa 600 m'manda a patchalitchi. Pa zimenezi anadziwa chakudya cha anthuwo, matenda awo ndi mamangidwe a nyumba zawo.

Nanga mudziwo unatha bwanji? Mliri waukulu wa 1348 ndi 1349 unachepetsa anthu, koma sunauthe. Chimene chinauthetsa ndi malonda a ubweya wa nkhosa. Mwini malo anaona kuti nkhosa zimpindulira koposa alimi a tirigu, ndipo cha m'ma 1500 anachotsa mabanja otsala, nagwetsa nyumba zawo. Minda yonse inasanduka busa. Udzu umenewo ndiwo unasunga zizindikirozi, pakuti pulawo yozama ikadapitapo ikadasalaza zonse. Ku Mangalande kuli mabwinja otere okwana ngati 3,000.

Kwathu kunonso nthaka imasunga mbiri. Ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka, kumene kunali likulu la Kalonga, a Yusuf Juwayeyi anakumba napeza mapale, mikanda ya galasi ndi zidutswa za mbale zochokera ku China.

Chifukwa chake, alimi, khasu lanu likatukula mapale ambiri pamodzi, mphero, mikanda kapena zotsalira za ng'anjo, musakumbe mozama, ndiponso musazisonkhanitse pamulu. Chinthu chikachotsedwa pamalo pake, akatswiri amavutika kudziwa zaka zake. Ikani chizindikiro, nimukauze amfumu. Inu mafumu, tumizani mawu kwa DC kuti odziwa za mbiri yakale abwere kudzaona.