Wofufuza milandu pakati pa nkhondo

Mwa mitundu ya nkhani zopeka imene aphunzitsi tiyenera kuidziwa, ulipo wina umene unabadwira ku America m'zaka za m'ma 1920. Mwininkhani wake ndi wofufuza milandu amene sali wapolisi: amalembedwa ganyu ndi anthu wamba, ndipo amalipidwa malinga ndi masiku amene wagwira. Ndi munthu wolimba mtima, wa mawu obaya, amene magazi ndi ziphuphu sizimudabwitsa. Anakuza mtunduwu ndi Raymond Chandler pamodzi ndi Dashiell Hammett, amene anagwirapo nchito yofufuza ku kampani ya Pinkerton. Ziganizo zawo n'zazifupi, mawu ake ndi a mumsewu, ndipo kawirikawiri wofufuzayo ndiye amasimba yekha nkhaniyo.

Nanga cimacitika n'ciyani munthu wotere akaikidwa m'dziko la nkhondo? Titenge citsanzo ca buku la Léo Malet, mlembi wa ku France, lochedwa "120, rue de la Gare", limene linatuluka mu 1943, dzikolo lili m'manja mwa asilikali a Germany. Malet mwiniwake anali atasungidwapo mumsasa wa akaidi ku Germany, ndipo wofufuza wake, Nestor Burma, timayamba kumuona ali mumsasa wotero. Kumeneko mkaidi wina woiwala dzina lake akufa akuchula nambala ya nyumba ndi dzina la msewu. Burma atamasulidwa n'kufika pa sitima mumzinda wa Lyon, mnzake wakale wa kunchito akuwomberedwa pasiteshoni, nayenso akufa akuchula malo omwewo.

Apa nkhondo yalowa m'kafufuzidwe komwe. Nthawi imeneyo France inali yogawidwa pawiri, ndipo kucoka ku Lyon kupita ku Paris kunkafuna cilolezo. Cakudya cinkagulidwa ndi matikiti, usiku magetsi ankabisidwa, ndipo anthu ambiri anali atasowa kapena kusintha mayina. M'dziko lotero, mboni imaopa kuyankhula ndipo munthu wobisala sacedwa kuzimirira.

Koma phata la nkhani zimenezi lili pa funso ili: pamene anthu zikwizikwi akufa kunkhondo, n'cifukwa ciyani wina avutike ndi imfa ya munthu mmodzi? Wofufuzayo amayankha ndi zocita zake. Amakana kuti wakufayo angokhala nambala. Amafuna dzina lake, dzina la womupha, ndi cifukwa cake. Nkhondo sangaithetse, koma coona cimodzi angathe kucifukula.

Conco, powerenga nkhani yotere ndi ophunzira athu, tisalekere pa kufunsa kuti wapha ndani. Tiwafunsenso kuti: akusimba ndani? Nkhondo yatseka njira ziti? Nanga wofufuzayo wataya ciyani kuti coonaco cidziwike? Mayankho a mafunso amenewa ndiwo amasonyeza ngati wophunzira wamvetsa zimene wawerenga.