Cipatala n'caulere, nanga nkhuku zathu zikuthera kuti?

Mwezi wa February, nthawi imene nkhokwe zimakhala zitapepuka ndipo malungo ali ponseponse, ndinapita kukazonda mayi wina wa mu mphakati wathu. Ndinawapeza ali gone pa mphasa, m'manja muli kapepala kolemba anasi. Anandiuza kuti ku kiliniki sanalipire ngakhale ngwee imodzi, koma mankhwala kunalibe, motero anauzidwa kuti akagule kwina. Kuti apeze ya honda ndi ya mankhwalawo, nkhuku ziwiri zinapita. Mwana wao amene anawaperekeza anataya masiku awiri osapalira m'munda.

Pobwerera kunyumba ndinadzifunsa kuti, ngati cipatala n'caulere, bwanji mlimi akugulitsabe ziweto akadwala? Funso lomweli anthu ophunzira akhala akulifufuza kwa zaka zambiri, ndipo mbali ina ya kafukufukuyo inacitikira kuno kwathu ku Katete. Ndi bwino kuti ife eni ake tidziwe zimene anapeza.

Akuluakulu akumbukira kuti mu 1993 boma linayamba kulipiritsa odwala m'zipatala zake. Mu April 2006, pa ulamuliro wa a Levy Mwanawasa, malipirowo anacotsedwa m'maboma 54 a kumidzi, ndipo mu 2012 anacotsedwa m'makiliniki a dziko lonse. Tonse tinaomba m'manja, ndipo kunali koyenera.

Pambuyo pake ofufuza anakhala pansi kuwerenga zotsatira, ndipo sanagwirizane pa zonse. A Felix Masiye a pa University of Zambia ndi anzao, poona mabuku a m'makiliniki, anapeza kuti odwala obwera kudzaonedwa anaculuka kumidzi malipiro atacotsedwa. Gulu lina, la a Aurélia Lépine ndi anzao, linayang'ana mayankho a anthu ofunsidwa m'makomo mwao. M'lipoti lao la 2018 anati sanapeze umboni woti anthu ofuna cithandizo anaculuka, ngakhale pakati pa osauka kwambiri. Cimene cinaoneka poyera n'cakuti amene anali kupita kale ku cipatala analeka kutaya ndalama pa windo. Anawerengera kuti theka la anthu opezako bwino linapulumutsa pafupifupi madola 3.20 a ku America pa ulendo uliwonse, pamene theka la osauka linapulumutsa dola 1.10 cabe.

Kwa mlimi wa ku Vubwi kapena wa kumidzi ya ku Sinda izi sizodabwitsa. Malipiro a pa windo anali mtolo umodzi cabe mwa mitolo ingapo. Palinso mtunda, mtsinje wodzaza m'dzinja, cakudya ca wodikira wodwala, ndi tsiku la nchito lotayika. Munthu akadziwa kuti pambuyo pa zonsezi akapatsidwa kapepala m'malo mwa mankhwala, amangokhala panyumba mpaka matenda atakula.

Apa ndi pamene Katete analowa m'nkhani. Unduna wa Zaumoyo ndi World Bank anasankha boma lathu kukhala loyamba kuyesa njira yochedwa Results-Based Financing. Nthawi imeneyo Sinda anali asanakhale boma paokha, cifukwa Sinda ndi Vubwi anakhala maboma mu 2012. Njirayo inali yotere: kiliniki inali kulandira ndalama molingana ndi nchito imene yagwira, monga amai obereka ndi cithandizo ca nasi, amai obwera ku sikelo ya pakati, ndi ana omaliza katemera. Oyendera anali kubwera kudzatsimikiza mabuku ndi kuona ukhondo ndi kasamalidwe ka odwala. Gawo lina la ndalamazo linali kupita kwa anchito monga cowalimbikitsa, gawo lina kukonzera kiliniki.

Mu April 2012 njirayi inafalikira ku maboma ena 10. Ofufuza anacita mwanzeru: anasankhanso maboma 10 amene anapatsidwa ndalama zoonjezera popanda kuzimangirira ku ciwerengero ca nchito, ndi ena 10 amene anasiyidwa monga analili. Lipoti la 2016 linaonetsa kuti amai obereka ku cipatala anaculuka m'maboma olipidwa molingana ndi nchito, komanso anaculuka m'maboma amene anangolandira ndalama zoonjezera. Njira yaciwiriyi inali yochipirako, popeza sinafune kuwerenga ndi kuyendera kwambiri. Phunziro limene ine ndikutolapo ndi lakuti ndalama ikafikadi pafupi ndi wodwala, nchito imaoneka.

Nanga mankhwala? Mu 2009 ndi 2010 kunacitika kuyesa kwina m'maboma angapo a kumidzi. Kale kiliniki inali kuitanitsa mankhwala kudzera ku ofesi ya boma, kumene anali kusungidwa ndi kugawidwanso. M'njira yatsopano kiliniki iliyonse inali kulemba zofuna zake, ndipo a Medical Stores ku Lusaka anali kumanga katundu wa kilinikiyo payekha, ofesi ya boma n'kungomufikitsa osamasula. Kusowa kwa mankhwala a malungo a ana kunacepa kwambiri. Mankhwala ake anali omwewo, misewu yake yomweyo. Cinasintha ndi kayendetsedwe cabe.

A Masiye omwewo mu 2007 anayerekeza zipatala 30 za muno m'Zambia, kuona zimene zimalandira ndi nchito imene zimatulutsa. Anapeza kuti zipatala 4 zokha mwa 10 zilizonse ndizo zinali kugwiritsa bwino nchito zimene zinali nazo. Ciwerengero cimeneco ndi cakale, koma cikutikumbutsa kuti vuto si kucepa kwa ndalama kokha ai. Ndipo mu May 2025 boma la America linalengeza kuti lidzadula thandizo la mankhwala la madola 50 miliyoni pa caka, ponena kuti mankhwala opatsidwa mwaulere anali kubedwa ndi kugulitsidwa m'masitolo. Mankhwala akabedwa kumtunda, amene amalipira ndi mayi uja wa pa mphasa.

Ife kuno tili ndi mwai wa zipatala za mishoni monga St Francis ku Katete, imene inayamba mu 1948 ndipo imayendetsedwa ndi mpingo wa Anglican pamodzi ndi wa Katolika, ndi Nyanje ku Sinda ya Reformed Church in Zambia. Koma zipatala zazikuluzi zimalemedwa pamene makiliniki a kumidzi akulephera kuciza matenda ang'onoang'ono msanga. Malungo amene akadatha ndi mapiritsi a masiku atatu amasanduka nkhani ya bedi ndi magazi.

Tsono abale ndi alongo, tisasiyire ophunzira okha nkhani imeneyi. Kiliniki iliyonse ili ndi makomiti a zaumoyo a m'midzi, amene timawacha Neighbourhood Health Committee. Tisankhemo anthu olimba mtima ndi odziwa kulemba. Afunse mwaulemu kuti ndalama zoyendetsera kiliniki zinabwera liti ndipo zinagula ciyani. Akhalepo pamene katundu wa mankhwala akutsitsidwa. Alembe masiku amene mankhwala a malungo anasowa, ndipo mapepalawo apite kwa a khansala ndi kwa akulu a zaumoyo a pa boma. Kufunsa kotere si kulimbana ndi anasi, amene ambiri a iwo amagwira nchito usana ndi usiku ali awiri kapena mmodzi. Nawonso zimawapweteka kubweza wodwala cimanjamanja.

Mayi aja anacira, ndipo tsopano alowa m'komiti ya zaumoyo ya m'mudzi mwao. Anandiuza kuti agula kabuku kakang'ono kolembamo masiku onse amene kiliniki idzapereke kapepala m'malo mwa mankhwala.