CHIMFINE CHA MUNGU: NTHENDA YOBWERA NDI NGAYAYE

Chaka ndi chaka, chimanga chikamasula ngayaye mu Januwale ndi Febuluwale, ndiponso udzu ukachita maluwa kufikira mu Epulo, pamapezeka ana amene amayetsemula kosalekeza, maso ali psuu, mamina ali chuchuchu. Poyendera midzi ndimapeza makolo atataya kale ndalama kugula makapisozi ndi mankhwala a malungo, koma mwana osachira. Kawirikawiri gwero la vutoli ndi mungu.

Kodi mungu umadwalitsa bwanji?

Mungu ndi ufa wachikasu wochokera m'maluwa. Ngayaye imodzi yokha imatulutsa timbewu ta mungu mamiliyoni, makamaka m'mawa mame akangouma. Wa chimanga ndi wolemera ndipo umagwa pafupi, koma wa udzu umauluka kutali ndi mphepo. Kwa anthu ambiri mungu ulibe vuto. Koma thupi la ana ena limauona ngati mdani, ndipo polimbana nawo limatulutsa mankhwala otchedwa histamine. Mankhwalawa ndiwo amatupitsa m'mphuno ndi kuyabwitsa maso. Dokotala wa ku Manchester, Charles Blackley, ndiye anatsimikiza m'chaka cha 1873 kuti mungu ndiwo umayambitsa nthendayi, atadziyesa yekha.

Nthendayi imayenda m'magazi a banja, koma sipatsirana. Chotero palibe chifukwa choletsera mwana kupita ku sukulu kapena kudyera pamodzi ndi anzake.

Kusiyanitsa ndi matenda ena

Chimfine wamba chimatha pa masiku 7 mpaka 10, ndipo mamina ake amakhuthala. Cha mungu chimakhala masabata ambiri, mamina ndi amadzimadzi, m'mphuno, m'maso ndi kukhosi mumayabwa, ndipo chimabweranso nyengo yomweyo chaka chotsatira. Chachikulu kukumbukira n'chakuti mungu sutenthetsa thupi. Nyengo ya ngayaye ndi nyengonso ya udzudzu. Mwana akatentha thupi musanene kuti ndi mungu: pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo akamuyeze malungo.

Zoyenera kuchita pakhomo

1. Tchetchani udzu wozungulira nyumba ndi sukulu usanachite maluwa. Mwana wodwalayo asapatsidwe ntchito imeneyi.
2. Asalowe m'munda wa chimanga m'mawa pamene mungu ukuyoyoka.
3. Akachokera koyenda asambe kumaso ndi m'manja, ndipo asinthe zovala. Madzulo asambe ndi m'mutu momwe, kuti asagone ndi mungu.
4. Zovala ndi zofunda zoyanikidwa panja zikutumulidwe bwino zisanalowe m'nyumba. Musaziyanike pa udzu.
5. Kolopani kapena wazani madzi musanasese, ndipo tsekani mawindo tsiku la mphepo.
6. Maso akamayabwa asatikite. Muikeni kansalu koyera konyowetsedwa m'madzi ozizira. Musadonthezere m'maso mkaka wa m'mawere kapena mankhwala azitsamba.
7. Mutalikitseni ku utsi wa nkhuni ndi wa fodya, pakuti umakulitsa vutoli.

Za mankhwala

Makapisozi amapha tizilombo, koma pano palibe tizilombo toti aphe. Kuchipatala amapereka mankhwala oletsa mphamvu ya histamine, monga chlorpheniramine, amene ambiri amawatcha Piriton, kapena cetirizine. Piriton amagonetsa, choncho mwana akamwa m'mawa amaodzera m'kalasi. Funsani achipatala za mlingo ndi nthawi yake, ndipo musagawire khanda mankhwala a munthu wamkulu. Mankhwala a m'maso ogula mwachisawawa akhoza kuononga maso kotheratu.

Chenjezo

Ana ambiri odana ndi mungu amakhalanso ndi mphumu. Mwana akamatsokomola usiku, m'chifuwa mukulira ngati wenzulo, akayezedwe. Ngati wapatsidwa salbutamol wopopera m'kamwa, aziyenda naye ndi ku sukulu komwe, ndipo aphunzitsi adziwitsidwe. Koma akayamba kubanika, nthiti zikulowa m'kati, akulephera kuyankhula kapena kuyamwa, musadikire kuti kuche. Thamangani naye kuchipatala.

Makolo anzanga, lembani mwezi umene mwana wayamba kudwala chaka chino. Chaka chamawa mudzakonzeka ngayaye zisanatuluke.