Kutha kwa Thandizo la America: Kodi Sukulu Zathu Zikhudzidwa Bwanji?

Pa 20 Januwale 2025, mtsogoleri wa dziko la America, a Donald Trump, adaimitsa kwa masiku 90 thandizo lopita kumaiko akunja. Pofika mwezi wa Julaye chaka chomwecho, bungwe la USAID, lomwe linkayendetsa thandizolo, lidatsekedwa.

Nkhaniyi ikutikhudza chifukwa kuyambira mu 2016 bungweli linkathandiza boma lathu pa ndondomeko yophunzitsa ana a Sitandade 1 mpaka 4 kuwerenga. Linkasindikizitsa mabuku a Chichewa ndi Chingerezi, kusula aphunzitsi, komanso kumanga sukulu za sekondale zoyendera kumidzi.

Malipiro a aphunzitsi sakukhudzidwa, pakuti amachokera ku boma la Malawi. Nkhawa yagona pa mabuku. Buku likang'ambika lero, lina lolowa m'malo mwake likhoza kuchedwa, ndipo ana olimbirana buku limodzi achuluka.

Choncho khonsolo ikupempha inu makolo kuti muzikutira mabuku omwe ana amabwera nawo kunyumba. Makomiti a sukulu awerenge mabuku otsala ndi kuika chosowachi patsogolo pokambirana za ndalama za SIG. Zosowa zikuluzikulu, monga midadada yophunziriramo, mukazitule ku VDC ndi ADC komanso kwa khansala wanu.