Kusankha Zomera Zobzala M'dziwe Lapakhomo

Mabanja ambiri akakumba dziwe kuseri kwa nyumba, loweteramo nsomba kapena losungiramo madzi othirira ndiwo zamasamba, amafunanso kulikongoletsa ndi maluwa. Mlangizi akafunsidwa za chomera choyenera, ayambe wafufuza kumene chomeracho chidachokera ndi m'mene chimafalikira, pakuti chomera choikidwa m'dziwe la munthu mmodzi chingathe kukathera mu mtsinje umene maiko angapo amaudalira.

Namasupuni ndiye chitsanzo chachikulu. Kwao ndi ku South America, ndipo adafalitsidwa m'maiko ambiri chifukwa cha duwa lake lokongola. Chomerachi chimayandama, chimatha kuchuluka kawiri m'masabata awiri okha ngati madzi ali ndi chonde, ndipo njere zake zimakhala zamoyo m'matope kwa zaka zambiri. Chavutitsa asodzi ndi malo opangira magetsi mu mtsinje wa Shire ku Malawi, ndiponso chidatseka mbali zina za mtsinje wa Kafue ku Zambia ndi nyanja ya Chivero ku Zimbabwe. Chomera china choyandama, Salvinia molesta, chidaphimba pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a nyanja ya Kariba pofika mu 1962. Ku South Africa lamulo limaletsa kubzala kapena kugulitsa zomera ziwirizi.

Dziwe lapakhomo limasefukira nthawi ya dzinja, ndipo kachidutswa kamodzi kokha kokokoloka ndi madzi n'kokwanira kuyambitsa vuto kumunsi. M'dziwe momwemo, zomera zoyandama zikaphimba madzi zimatchinga dzuwa ndi kuchepetsa mpweya umene nsomba zimapuma. Zimabisanso nkhono zofalitsa likodzo ndi mphutsi za udzudzu.

Motero alimi alangizidwe kusankha zomera zachilengedwe za m'dera lao lomwe, zimene mizu yake imagwira pansi. Pakati pa dziwe pangabzalidwe kakombo wam'madzi, amene mizu yake, yotchedwa nyika, anthu a kuchigwa cha Shire amadya nthawi ya njala. M'mphepete, m'madzi osaya, mungakhale gumbwa kapena bango, koma izi zibzalidwe m'chitini kapena m'dengu kuti mizu isayalane ndi kudzaza dziwe lonse. Pakhoma la dziwe, udzu wa vetiva umagwira dothi kuti lisagumuke.

Zomera zisaphimbe kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a madzi. Ngati m'dziwemo muli nsomba za chilunguni, zimene zimadya masamba, zomera zanthete zitchingidwe ndi kampanda mpaka zitakhwima.

Pomaliza, chomera chilichonse chozulidwa m'dziwe chiumitsidwe padzuwa kutali ndi madzi, kenaka chitenthedwe kapena kukwiriridwa. Alangizi ogwira ntchito m'malire a maiko akumbutse alimi kuti asaoloke malire ndi chomera cham'madzi chimene sakuchidziwa, ngakhale chikhale mphatso yochokera kwa mbale.